Chitini cha a Katanga

Sabata yatha tinamanga chiliza pa manda a amalume anga, a Zefaniya Mbewe, amene Senga Bay yonse inkawadziwa ndi dzina loti a Katanga. Papita chaka chimwalirireni. Mmisiri amene tinamulemba ganyu, wa ku Maganga, ataona kuti pambali pa mandawo pali malo opanda kanthu okwana munthu mmodzi, anayamba kuunjikapo njerwa zake. Lameki, mwana woyamba wa malemuwo, anamuletsa mwaukali moti ngakhale ine ndinadzidzimuka.

"Pepani bambo, sindimadziwa. Ndi malo a mayi?" anafunsa mmisiriyo.

"Mayi anagona kwawo kalekale," anatero Lameki. "Awa ndi malo a mwala."

Mmisiri uja anaseka, koma ataona kuti palibe womuthandiza kusekako, anatuta njerwa zake n'kukaziika kwina. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ngati munthu wa pa Maganga pomwepa sakuidziwa nkhaniyi, ana athu adzaimva yopotoka. Ndiye ndati ndiilembe mmene ndinaionera.

Amalume anali munthu wamtali, wouma ngati nkhafi, ndipo sanali munthu wophweka kukhala naye. Zimenezi ndineneretu, chifukwa pamaliro anthu anawayamikira mpaka ndinayamba kukayika ngati tikuika munthu yemweyo. Ntchito yawo inali yosoka maukonde pansi pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Msodzi akabwera ndi ukonde wong'ambika, ankayamba wadzudzulidwa kaye, kusoka pambuyo. Ankati ukonde sung'ambika m'madzi, umang'ambikira m'mutu mwa mwini wake. Ngakhale zinali choncho anthu ankapitabe kwa iwo, poti mfundo yawo inkatha zaka isanamasuke.

Chimene ankadana nacho kwambiri pa dziko lapansi chinali fumbi. Munthu akagwira tsache pabwalo pawo asanawaze madzi, ankadzuka pamene akhala n'kuyamba kukalipa m'Chiswahili cha ku Kongo chimene palibe ankachimva bwinobwino, ngakhale Asilamu anzathu a kugombe kuno. Akazi awo, malemu aNachisale, anapirira nazo moyo wawo wonse. Ankatunga ndowa ziwiri m'mawa uliwonse, ina yophikira, ina yomwetsa bwalo. Ife tili ana tinkangoti ndi nkhanza za munthu wamkulu. Chifukwa chake ndinadzachimva ndili ndi imvi kale.

Ndiye panali chitini. Chinali chitini chakale cha tiyi, chadzimbiri, chokhala pamwamba pa khoma lolekanitsa zipinda ziwiri za nyumba yawo, khoma losafika kudenga. Palibe ankaloledwa kuchikhudza. Ena ankati muli ndalama za atsamunda, ena ankati muli zithumwa zimene zimalimbitsa mfundo zawo. Manong'onong'owo atakula, akulu a mpingo anabwera kudzawafunsa. Amalume sanakane kanthu. Anatsitsa chitinicho, n'kumasula kansalu kamene kanali mkatimo. Munali mwala waukulu ngati chibakera cha mwana, wakuda, wolemera kuposa msinkhu wake, wamawangamawanga achikasu ndi obiriwira.

"Awa ndi bambo anga," anatero. "Ngati mpingo uli nawo mlandu, lankhulani nawo."

Nkhani yake ndi iyi. Bambo awo, a Simiyoni, amene kwa ine ndi agogo, anali a ku Lifuwu. Anakwatira kuno, kenaka anatenga mkazi wawo, agogo aNaphiri, n'kupita kukafuna ntchito ku migodi ya ku Katanga, m'dziko la Kongo, monga ankachitira amuna ambiri a nthawi imeneyo. Amalume anabadwira komweko, mayi anga nawonso. Inali nthawi ya nkhondo yaikulu ya azungu. Amalume ankakumbukira mpanda wa waya, asilikali pachipata, ndi bambo awo akubwera madzulo fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, iwo n'kumathamangira kukawakumbatira. Ankakumbukiranso chifuwa. Chinayamba ngati chimfine, kenaka usiku wonse nyumba inkangomveka kutsokomola, mpaka tsiku lina kunangoti zii.

Maliro a kumgodi anali achangu. Manda ankawakwirira ndi miyala yotayidwa kumgodi komweko. Agogo aNaphiri, podziwa mwambo wakwathu woti munthu akafera kutali pamabwera kanthu kochokera pamanda ake kuti abale akaike m'manda akwawo ndi kulira maliro, anatola mwala umodzi kumutu kwa mandawo. Anayenda nawo ulendo wonse, mwana kumsana, wina kudzanja, mpaka ku Lifuwu.

Abale a mwamuna wawo anaukana. Anati iwo saika mwala, mwana wawo ali moyo, wangotchona monga amatchonera ena, ndipo mkaziyu wamuthawa n'kubwera ndi bodza. Maliro sanalire. Agogo anabwerera kuno ndi mwala wawo, ndipo dzina la a Simiyoni linalowa m'gulu la matchona, amuna oiwala kwawo. Pamene agogowo ankamwalira anapereka chitinicho kwa amalume n'kuwauza kuti asadzagone pansi bambo awo asanagone.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse anthu akakolola mpunga, amalume ankavala jekete n'kupita ku Lifuwu kukapempha malo a manda. Eni mbumba anasinthana, okana oyamba aja anatha onse, koma yankho linali lomwelo. Wotsiriza kulandira cholowa chokanacho anali a Sandalamu, msuweni wawo, munthu wamfupi wonenepa, woseka msanga, wosafuna kukhumudwitsa aliyense koma wosafunanso kusintha chimene makolo anagamula.

"Asuweni, ine ndilibe nanu chifukwa," ankatero a Sandalamu. "Koma umboni uli kuti? Mwala ndi mwala. Ngakhale kuphiri la Senga ndingakatole wotere."

Amalume akabwerako, sabata imeneyo asodzi ochenjera ankasunga maukonde awo ong'ambika kunyumba.

Chaka china amalume anamva pa wailesi kuti bomba loopsa limene linathetsa nkhondo ija, limene linapsereza mizinda ya ku Japani, linapangidwa ndi miyala yokumbidwa ku Kongo, yotchedwa yureniyamu. Tsiku limenelo sanadye. Kenaka anayamba kuuza aliyense kuti bambo awo ndi amene anakumba bombalo. Kugombe kuno nkhani yotere sigona pansi. Dzina la a Katanga linapeza mng'ono wake, anyamata akawaona ankati, "A Bomba awo akubwera, bisalani." Ine ndemwe ndinkawauza kuti asiye kudzichotsa ulemu, poti migodi ku Kongo ndi yambiri. Ankandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti sukulu inandiphunzitsa kukayika basi.

Filimu inafika ku Senga Bay mwangozi. Yusufu, amene ali ndi nyumba yoonetsera kanema pafupi ndi msika, anaitenga ku Salima poganiza kuti ndi ya nkhondo. Atakaionera anapeza azungu ovala masuti akungolankhula. Anadandaula pagulu kuti amugulitsa filimu ya bomba yopanda nkhondo, mbiri ya mzungu wina wasayansi amene anatsogolera anzake kupanga bomba loyamba. Amalume anamva ali pansi pa mango wawo. Anaika singano pansi.

"Iwe Yusufu, akuonetsa mmene anapangira? Kuyambira pachiyambi?"

"Zonse, madala. Ndi yaitali ngati ulaliki."

Pachiyambi pa bomba, kwa amalume, panali pa mgodi. Anatsimikiza mumtima kuti azungu, amene amajambula chilichonse, sangafotokoze za bomba osaonetsa okumba. Mwina nkhope ya bambo awo sionekamo, koma mpanda uja uoneka, fumbi lija lioneka, miyala yachikasu ija ioneka, ndipo a Sandalamu adzionera okha. Anatuma kabaza ku Lifuwu kukawatenga.

Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo. Nyumba ya Yusufu ndi ya malata mbali zonse, mabenchi ndi a matabwa a maboti akale, ndipo tsiku limenelo inadzaza, chifukwa anthu anamva kuti a Bomba akukaonetsa umboni. Amalume anakhala kutsogolo atavala jekete ya ku Lifuwu ija, a Sandalamu kumanja kwawo, ine kumanzere. Pamiyendo pawo panali jumbo yakuda. Nditawafunsa kuti muli chiyani, anayankha osandiyang'ana.

"Nawonso adzione."

Mafilimu a kwa Yusufu amabwera ndi mawu a Chichewa oikidwa pamwamba. Pali achinyamata m'matauni amene ntchito yawo ndi imeneyo, munthu mmodzi kulankhulira anthu onse a mufilimu, n'kumathiramo nthabwala zake, mayina a kwathu kuno, ndi chilichonse chimene chamubwerera. Pa filimu za karate zimakoma. Pa iyi mnyamatayo anagwira njakata, poti za sayansi zinkamupitirira, ndiye pamene sanamve ankangopeka.

Amalume sanaseke nthabwala ngakhale imodzi. Anakhala tsonga, maso pa kanema. Tinaona azungu akulemba masamu pa bolodi, akukangana, akumwa mowa, akumanga tauni yawo m'chipululu. Chithunzi chikasintha amalume ankaweramira kutsogolo, kenaka n'kubwerera. Ndinkamva mpweya wawo. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo koma jekete sanavule. A Sandalamu anayamba kuwodzera. Nthawi inapita, bomba linayamba kuoneka thupi lake, ndipo ine ndinadziwa kuti mgodi tinaupitirira kalekale osauona. Ndinachita mantha kuwayang'ana kumaso.

Kenaka bomba linaphulika pa kanemapo, moto unakwera kumwamba. Womasulira uja, pofuna kukometsa, anakuwa kuti abale anga, mwala wa yureniyamu ndi woopsa, kachidutswa kongofanana ndi chibakera kakhoza kufafaniza boma lathunthu, nsomba, mbuzi, apongozi, onse.

Anthu anaseka. Kusekako kunazima pang'onopang'ono, kuyambira kumbuyo. Mayi wina wogulitsa nsomba analoza jumbo ija.

"Kodi a Katanga, pamiyendo panupo n'chiyani?"

Amalume akanatha kunama. Bodza analibe, ndipo ndikuganiza kuti mbali ina ya mtima wawo inkadikira funso limeneli kwa zaka zambiri. Anati ndi mwala wa kumgodi umene anakumba bambo awo.

Chitseko cha Yusufu ndi chopapatiza. Mmene anthu anatulukira osaponderezana mpaka kufa, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Mabenchi anagwa, lata limodzi linakhadzuka, a Sandalamu amene amayenda ndi ndodo anapezeka ali kutsidya kwa msewu ndodo itatsala mkati. Tinatsala atatu, amalume, ine ndi Yusufu, amene anaima pafupi ndi kanema wake.

"Wallahi madala, tulukani nacho. Ndili ndi ana ine."

"Filimu sinathe," anatero amalume. Anaionera mpaka mayina atayamba kuyenda, kuyembekeza kuti mwina okumba awasungira kumapeto.

Chimene anachifuna moyo wawo wonse anachipeza tsiku limenelo. Senga Bay yonse inakhulupirira kuti bambo awo anakumbadi bomba. A Sandalamu nawo anakhulupirira, ndipo ananena ali chapatali, chipewa chili m'manja, kuti tsopano ndiye nkhani ya manda yatheratu, iwo sangalole kuti makolo awo onse aphulitsidwe ali chigonere. Umboni umene unayenera kutsegula manda ndi umene unawatseka.

Masiku otsatirawo sindifuna kuwakumbukira. Maukonde anasiya kubwera pansi pa mango. Anthu ankalambalala nyumbayo podzera kumathandala. Wina anati akautaye pakati pa nyanja, asodzi anati ayerekeze. Usipa utasowa sabata imeneyo, monga umasowera mwezi ukawala, mlandu unagwera mwala. Kenaka ena anayamba kuwerenga anthu amene anamwalira m'nyumba imeneyo ndi moyandikana, ndipo mawu oti ufiti anayamba kumveka. Tonse tikudziwa kumene zimathera nkhalamba ikayamba kutchulidwa motero. Masana ena ndinapeza miyala itatu padenga pawo, ndipo achinyamata ataima kumsewu, osachita kanthu, kungoyang'ana.

Koma chimene chinawalasa amalume si miyala ya padenga. M'nyumbamo ankakhala ndi Tiyamike, mwana wa Lameki, amene ankawaphikira ndi kuwachapira chimwalirireni aNachisale. Mwamuna wake ali ku Joni, ndipo nthawiyo Tiyamike anali woyembekezera, mimba itakula ndithu. Ankagona m'chipinda chachiwiri, mutu wake pansi penipeni pa khoma la chitini lija. Lameki anabwera n'kumutenga, katundu yense.

"Bambo, sankhani," anatero ataima pakhomo. "Mwala kapena mdzukulu wanu."

"Ukuti mwala? Agogo ako amenewo."

"Agogo anga sindinawaone. Mwana wanga ndikumuona."

Tiyamike ankalira, akunena kuti agogo adya chiyani. Amalume anamuuza kuti mkazi wanga pita, usandidere nkhawa, monga ankamutchulira pocheza. Atapita, amalume anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, bwalo losasesa.

Ine ndinapita kukawanyengerera kuti mwalawo uchoke. M'malo mwake anandipatsa ntchito. Anati kandimverere adanena za m'maluwa, iwo sakhulupirira mnyamata wobwebweta uja, ndipeze filimuyo yopanda Chichewa ndiwamasulire ndekha, poti Chingerezi ndinachiphunzira ndi ndalama za maukonde awo. Ndinaipeza pa foni. Tinakhala pansi pa mango masana awiri, ine ndikumasulira, iwo akundiimitsa. Zoti mwala wonga chibakera ungafafanize boma munalibe, zinali za m'mutu mwa womasulira. Koma za Kongo, za mgodi, za okumba, sindinamvemo ngakhale liwu limodzi. Ndinawauza zoona.

Ndinkayembekeza kuti aitukwana. Anandidabwitsa. Anati filimuyo si yabodza. Mpanda uja ndi woona, asilikali pachipata ndi oona, akazi osadziwa chimene amuna awo akugwira ndi oona, iwo anakulira mkati mwa zimenezo, kungoti kwawo kunalibe nyumba zokongola. Anati ngakhale nkhope ya mzungu uja atazindikira chimene wapanga ndi yoona, chifukwa anaionapo nkhope yotero pa kapitawo wina tsiku la maliro a bambo awo. Munthu amene anajambula filimuyo, anatero, amadziwa mmene mantha amakhalira.

"Nanga vuto lili pati, amalume? Iyi ndi mbiri ya munthu mmodzi. Sangaikemo dziko lonse."

"Ndiye anene kuti munthuyo anaganiza bomba, asanene kuti anapanga. Iwe unaonapo mwini boti akubwera ndi nsomba yekha, opalasa kulibe?" Kenaka anati, "Mwala ukungofika patebulo ngati mana. Manja a anthu onse aja ndi oyera, waona? Filimu yonse ilibe fumbi."

Ananenanso china chimene ine sindinachione. Anati anthu amene bombalo linawagwera nawonso sanawaonetse. Okumba manda abisidwa, oikidwa m'manda abisidwa, maliro onse akulira munthu mmodzi amene sanafe. Mpaka lero ndikaiganizira filimu ija ndimaiona ndi maso awo. Ndi yokoma, ndi yoona mbali imene inayang'ana, koma inayang'ana mbali imodzi.

Amene anaitana a boma ndi Lameki, kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo. Amalume atamva anati mwana wawo wawagulitsa, ndipo bambo awo akatengedwa adzakhala atchona kachiwiri. Komabe m'mawa wa tsikulo anawaza madzi pabwalo, anasesa okha, anavala jekete, n'kutumanso kabaza ku Lifuwu.

Galimoto yoyera inafika chakumasana kuchokera ku Lilongwe. Munatsika mayi wina wamagalasi ndi mnzake wamwamuna atanyamula kachipangizo kokhala ngati wailesi yam'manja. Mudzi wonse unabwera, koma unaima patali, kumathandala. A Sandalamu anaima ndi gululo. Tiyamike anaima pampanda wa nyumba yoyandikana, dzanja lili pamimba. Mayi uja anagwada popereka moni, zimene zinawafewetsa amalume pang'ono, kenaka anafotokoza kuti kachipangizoko kakayandikira mwala wa mtundu umenewo kamalira, ukakhala mwala wamba kamakhala chete.

Ndinayang'ana amalume ndipo ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo munthu. Kachipangizoko kakakhala chete, ndiye kuti a Sandalamu ankanena zoona, mwala ndi mwala, ndipo iwo akhala wabodza mpaka kumanda. Kakalira, ndiye kuti iwo ndi manja awo anagoneka mkazi wawo, ana awo, ndi Tiyamike ndi mimba yake pansi pa chinthu chimene chinapha bambo awo. Sindikudziwa chimene ankapempha mumtima. Anatsitsa chitini chija n'kumasula kansalu kaja.

Bambo uja anayandikitsa kachipangizoko. Poyamba kanangoti tche, tche, motalikirana. Atakafikitsa pamwalapo kanayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga, mokweza moti a kumathandala anamva, ndipo ena anabwerera m'mbuyo.

Amalume anaimirira n'kutembenukira kugulu.

"Asuweni, mwamva?"

"Ndamva," anayankha a Sandalamu.

Kenaka maso a amalume anapita pampanda pamene panali Tiyamike, ndipo ndinaona chimwemwe chija chikuchoka pankhope pawo. Anakhala pansi.

Mayi uja analankhula mokweza kuti onse amve. Anati mwalawo sungaphulike ngakhale utaponyedwa pamoto, kupanga bomba kumafuna miyala yochuluka zedi ndi mafakitale aakulu, ndipo usipa sunasowe chifukwa cha iwo. Koma anati si chinthu chogona nacho m'nyumba, makamaka fumbi lake, ndipo Tiyamike akaonedwe kuchipatala ngakhale iye sakuona chochititsa mantha kwambiri. Anamaliza ndi kunena kuti ayenera kuutenga kuti ukasungidwe malo oyenera.

"Mudzawabweza?" anafunsa amalume.

"Agogo, ndikakulonjezani ndikhala ndakunamizani."

Amalume anayang'anitsitsa mwala umene unali patsogolo pawo. Lameki anali ataima kumbuyo kwanga. Mayi uja akanatha kungoutenga, mphamvu anali nazo, koma anadikira.

"Bambo anga anafa kalekale," anatero amalume potsiriza, akuyang'ana mimba ya Tiyamike. "Uyo sanabadwe."

Koma anati bambo awo sachoka pakhomo pawo ngati katundu. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yoyera imene anaisunga zaka zonsezo kudikira tsiku la ku Lifuwu. Alendowo ataika mwala m'kabokosi kawo kolemera, iwo anakakuta ndi nsaluyo, n'kupempha kuti galimoto iyende pang'onopang'ono mpaka kumsewu wa tala. Anaima kumbuyo kwake, anavula chipewa, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro ndi mawu awo osasa.

Anaimba okha. Galimoto inayamba kuyenda, nkhalamba imodzi ikutsatira, mudzi wonse uli kakasi. Ine ndinatsatira, koma sindinaimbe. Tinayenda choncho mpaka kupitirira mango uja. Ndiye kumpanda kuja kunamveka mfuu. Anali Tiyamike, akulira maliro enieni, akutchula agogo a bambo ake amene sanawaonepo, akufunsa kuti anawasiyiranji kudziko la eni. Amayi akwathu sangamve mnzawo akulira maliro iwo n'kukhala chete. Mmodzi analandira, wina analandira, mayi wogulitsa nsomba uja nayenso, mpaka gombe lonse linagwedezeka. Amuna anavula zipewa n'kulowa mumzere. Lameki anadzagwira bambo ake pamkono, iwo sanamukankhe.

Pamphambano galimoto inaima. A Sandalamu anafika akupuma movutikira, anatsamira ndodo yawo, n'kulankhula monga mwini maliro. Anati mbumba ya ku Lifuwu ikudziwitsa anthu onse kuti mwana wawo Simiyoni sanatchone, anamwalira pantchito ku Katanga, ndipo mkazi wake ananena zoona. Mawu amenewa anachedwa ndi moyo wathunthu wa munthu. Amalume anangogwedeza mutu, maso ali pa galimoto imene inali itayamba kuthamanga kulowera ku Salima.

Anakhalanso ndi moyo miyezi ingapo. Maukonde anabwerera pansi pa mango, kudzudzula nakonso kunabwerera. Dzina la a Bomba linafa lokha. Ndi Lameki ankalankhulana mawu ochepa, a moni ndi a mvula, koma ankalankhulana. Tiyamike anabwerera m'nyumbamo, ndipo mwana atabadwa, wamwamuna, amalume anamuvundukula n'kumuyang'ana chala chilichonse, khutu lililonse, asananene kanthu. Atakhutira anamutcha Simiyoni. Amalume anamwalira nthawi ya mwera, ndi chibayo. Alipo amene amati unawapha ndi mwala uja. Ine ndimawayankha kuti ngati ndi choncho unachita ulesi, poti munthuyo anatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi anayi.

Asanamwalire, a Sandalamu anabwera kudzanena kuti malo ku Lifuwu alipo tsopano, mwalawo ukadzabwera. Amalume anathokoza, n'kukana. Anati anthu amene anakhala limodzi m'nyumba imodzi zaka zonsezo asawalekanitse. Anaitana Lameki, osati ine, n'kumuuza kuti pambali pawo padzatsale malo.

Mwalawo sunabwere, ndipo sindikhulupirira kuti udzabwera. Pamwamba pa khoma lija patsala chizindikiro chozungulira cha dzimbiri, ndipo pansi pake pamagona Simiyoni wamng'ono. Kumanda, kumanzere kwa chiliza chatsopanocho, kuli malo aja, opanda mtumbira, opanda mtanda, mchenga wokhawokha. Titamaliza kumanga, anthu atayamba kubalalika, ndinacheuka n'kuona Lameki watsalira. Anali atatenga tsache kuti achotse zinyalala za simenti zimene zinagwera pamalopo. Anaima pang'ono, anaika tsachelo pansi, n'kupita kukatenga ndowa ya mmisiri. Anayamba wawaza madzi.